Malume Anga, Amene Dokotala Anati Aziyenda

Chatha chaka chimwalirireni malume anga a Wedisoni, ndipo ana awo awamangira chiliza cha matailosi chowala kuposa bafa la manijala. Pokonzekera mwambo wa chilizacho anandipempha kuti ndilembe mbiri ya malemu, poti pa mbumba yathu yonse ndine ndekha amene ndinapondako ku koleji. Mwaulemu, palibe anatchula zoti ndinangopondako n'kubwerera. Mbiriyo ndinalemba, ndipo inawerengedwa anthu atavula zipewa. Inati malemu anabadwa, anabatizidwa, anagwira ntchito mokhulupirika pa esiteti ya tiyi, anatumikira mpingo ngati mkulu, ndipo atisiyira mpata waukulu. Zonsezo n'zoona. Mpatawo ndimauona tsiku lililonse, uli m'munda wa amayi. Iyi ndi mbiri inayo, imene palibe anandipempha.

Malume anali munthu woyamba kudera kwathu, kuchokera kwa Nchilamwela mpaka kwa Changata, kung'ambidwa chifuwa n'kubwerako wamoyo kudzatifotokozera. Ndipo anatifotokozeradi. Anafotokoza pa maukwati, pa maliro a anthu ena, pa mzere wa kuchigayo, ngakhale kwa mlendo amene wangoima kufunsa njira ya ku Bvumbwe. Nkhani yake sinkasintha. Mitsempha yodyetsa mtima wawo inatsekeka ndi mafuta. Madokotala a ku Joni anadula fupa la pachifuwa ndi sowo, anaimitsa mtima, magazi n'kumayendetsedwa ndi makina okhala pambali. Kenaka anasolola mtsempha m'mwendo wamanzere, kuyambira pa kakolo mpaka kupitirira bondo, n'kuusokerera pamtima kuti magazi azilambalala pamene patsekeka. Fupa lija analimanga ndi waya. Ntchito yonseyi dzina lake ndi baipasi, ndipo malume ankalitchula mmene anthu ena amatchulira udindo wawo. Akafika pa waya ankagwira dzanja la womvetsera, ngakhale akhale mkazi wa mwini, n'kulikanikiza pachifuwa kuti amve yekha mfundo zake.

Odwala ankawayendera mokhulupirika, ndipo odwalawo ankaopa. Ankakhala pampando wabwino wa m'nyumbamo, kumvetsera za malungo kapena chibayo cha mwini nyumba, kenaka n'kumwetulira mwachifundo, n'kunena kuti amenewo si matenda, ndi kusowa mtendere chabe. Iwo mtima unaima ndithu, anafika pakhomo pa imfa, anagogoda, n'kuuzidwa kuti abwerere poti kudziko kukadali ntchito. Ntchitoyo tinadzaidziwa.

Shati yawo inali yoyera nthawi zonse, ndipo ife a pabanja tinaphunzira kuiwerenga monga mlimi amawerengera mitambo ya ku Mulanje. Batani la pakhosi likamasulidwa, ndiye kuti wina wayankhula mosayenera. Lachiwiri likatsatira, wolakwayo anali akadali ndi mpata wopepesa. Likafika lachitatu chipsera chinkaonekera, chonenepa, chonyezimira ngati bongololo, ndipo mlandu unkathera pomwepo. Sindinaonepo munthu akupambana mkangano ndi batani lachitatu.

Dokotala anawapatsa malamulo: asamadye mchere, asamadye zonona, asamakwiye, ndipo aziyenda tsiku lililonse. Mchere ankadya. Pa ukwati ankaloza okha nthuli ya mbuzi ya mafuta, n'kunena kuti mtsempha watsopano uyenera kuyesedwa. Lamulo la kukwiya anatigawira ife: popeza iwo saloledwa kukwiya, ndiye kuti ife sitiloledwa kuwakwiyitsa, ndipo chowakwiyitsa chinali chilichonse chimene sanachifune. Ankatinso madokotala aja anali pa kafukufuku, kufuna kudziwa mtsempha umene umakhalitsa pamtima, wa m'mwendo kapena wa m'chifuwa momwemo, ndipo iwo anali mmodzi wa anthu amene dziko lonse likuwayang'ana. Kaya zinali zoona kaya ayi, sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti kuyambira pamenepo kutsutsana ndi malume sikunalinso mwano chabe. Kunali kusokoneza sayansi.

Ine ndinali mboni yawo. Ku koleji ya zachipatala ndinachoka tili pa mafupa, mtima tisanaufike, ndipo malume ankanditchula kuti Dokotala wa Theka. Pagulu ankandiloza ndi ndodo kuti ndinene ngati akunama, ndipo ndikangotsegula pakamwa ankati basi, uyu angadziwe chiyani, anathawa mayeso. Motero ndinkakhala umboni ndi chitsanzo choipa nthawi imodzi.

Lamulo lotsiriza, la kuyenda, ndilo analisunga ndi mtima wonse, wakale ndi wosokerera womwe. Koma ndisanafike pamenepo ndinene kumene munthuyu anachokera.

Anayamba ntchito pa sikelo, kuyeza madengu a othyola tiyi, ndipo azimayi a m'malayini, nyumba za antchito a esiteti, amakumbukabe chala chawo chimene chinkapeza madzi m'masamba ngakhale mu Okutobala. Anakwera mpaka kukhala kalaliki wamkulu, wa njinga yamoto ndi nyumba ya kampani. Tiyi sanamwepo, poti ife Asabata sitimwa tiyi. Anangomulondera moyo wawo wonse. Ziyankhulo anali nazo zitatu: Chingerezi cholamulira, Chichewa cholalikira, ndi Chilomwe chimene ankachitulutsa pokhapokha akafuna kanthu kwa amayi. Matipati atangobwera kumene, anthu a m'midzi yozungulira, amene minda yawo inachepa mpaka kufanana ndi mphasa, analowa m'tchire la esiteti limene linangokhala n'kudzalamo chimanga. Malume ndiwo anayenda patsogolo pa alonda, kuloza kuti ichi n'cha uje, icho n'cha uje, alondawo n'kumatchetcha chimanga chitamasula kale. Kwa amene ankalira ankawauza kuti malire alibe chibale. Mawu amenewo muwasunge.

Atagwa pa masitepe a fakitale atagwira pachifuwa, kampani inawakumbukira. Wothyola tiyi akamva chifuwa kuthina ankapatsidwa timapiritsi ndi malangizo oti mawa alawirire. Malume anakwezedwa ndege. Atabwerako anawapumitsa ntchito mwaulemu, ndi wotchi ya pamkono, n'kuwapempha mwaulemu womwewo makiyi a nyumba.

Kwathu kuno munda ndi wa akazi. Mwamuna akakwatira amapita kwa mkazi, ndipo kwawo amasiyako mawu okha, ngati mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo. Koma malume anatenga mkazi wa kutali, anti Joyisi a ku Ntcheu, ndipo kumeneko analibe nako cholinga. Anafika pakhomo pa amayi pa thirakitala ya kampani, ndi masofa, kabati ndi chifuwa chosapola, akuyankhula Chilomwe chokhachokha. Amayi, amene ndi mlongo wawo wamng'ono komanso mayi wamasiye, anawapatsa kangodya ka kumtunda kwa munda kuti amangepo kanyumba kochiriramo.

Munda wathu ndi wa ku Thyolo, kutanthauza kuti ukaponya khasu mokwiya limakagwera kwa eni ake. Mbali ziwiri wazingidwa ndi tiyi wa esiteti, wobiriwira, wometedwa bwino, amene munthu sangadye. Kumunsi kuli kamtsinje, ndipo kutsidya kwake kuli manda. Theka la kumtunda, kumene kunali nthochi, amayi anali atalisungira mlongo wanga Esinala. Ndiye mwana wamkazi yekhayo, ndipo aliyense ankadziwa kuti tsiku lina adzabweretsa mwamuna n'kumanga pamenepo. Malume ankadziwa kuposa aliyense, poti mwini mbumba ndiye amachitira umboni zoterezi.

Misewu ya mu esiteti ndi yotakata, yosalala, ngati anaipangira odwala mtima. Malume anaikana. Anati fumbi la mathirakitala si labwino kwa munthu wosokedwa. Sananene kuti othyola tiyi anali ndi nyimbo ina imene ankaiyamba akangowaona. M'malo mwake m'mawa uliwonse ankavala majombo a kampani, kutenga ndodo, kuyang'ana wotchi, n'kutsika kuchokera pakhomo pawo mopingasa munda wa amayi, pakati penipeni, mpaka kumtsinje, n'kubwerera momwemo. Chimanga chimene chinali patsogolo pawo chinkagona. Amayi anangoti asiyeni, ndi odwala. Mvula itatha, azimayi okatunga madzi anaona kuti pali podutsa. Ana a sukulu anatsatira, kenaka othyola tiyi ochedwa ku ntchito, kenaka wanjinga wogulitsa usipa. Pofika dzinja lina panali njira yolimba, yofiira, imene munthu akanalumbira kuti anaipeza pobadwa.

Wa kutauni angafunse kuti nanga njira ili ndi vuto lanji. Kwathu kuno minda ilibe miyala ya malire kapena mapepala. Malire ndi mtsinje, mtengo, kapena njira. Njira ikakhazikika pakati pa munda, maso a mudzi amayamba kuona minda iwiri. Sipanapite nthawi anti Joyisi anadzala nandolo m'mphepete mwa njirayo, mbali ya kumtunda, akuti dothi lingakokoloke. Kuseri kwa nandoloyo kunamera chinangwa. Nthochi zija zinayamba kudulidwa ndi anthu amene sanazidzale.

Amayi anachita monga mwa mwambo, anakadandaula kwa mwini mbumba. Mwini mbumba anawalandira bwino pakhonde, anamvetsera mpaka kumapeto atatsinzina, anavomereza kuti nkhani ya malo ndi yaikulu, ndipo analonjeza kuti akaona okha mmene zinthu zilili. M'mawa mwake anavaladi majombo n'kukaona, kutsika ndi kukwera. Amayi anapempha kuti tiwalambulire njira ina m'mphepete mwa tiyi, yofika kumtsinje komweko. Malume anathokoza, koma anati kachitunda ka m'mphepetemo n'kosiyana ndi kamene dokotala ananena. Dokotala wa ku Joni, amene sanaonepo Thyolo, ankaudziwa munda wathu modabwitsa.

Tsiku limene ndimawakumbukira nalo linali la Sabata. Esinala anali atapeza mwamuna, Fasitoni, woyendetsa thirakitala, munthu wofatsa amene anali atabwereka kale chikombole cha njerwa. Ankhoswe anali atakumana. Chotsala chinali malo. Lachisanu masana, malume ali ku msonkhano wa akulu a mpingo, amayi anatenga khasu, anagalauza njira yonse, anaunda mizere n'kudzalamo mbatata. Anamaliza dzuwa lisanalowe, Sabata lisanayambe, n'kukasamba.

Malume anaona pobwera. M'mawa sanatuluke nthawi yawo ya masiku onse. Anadikira mpaka anthu atayamba kudutsa kupita kutchalitchi, ndipo anatulukira atavala suti, majombo kumapazi. Anafika pa mzere woyamba n'kuima. Anamasula batani loyamba, lachiwiri, lachitatu, ndipo tsiku limenelo tinaona lachinayi, limene sitinkadziwa kuti limamasuka. Kenaka anavula jekete, analiyala pamene panalibe matope, anavula wotchi n'kupatsira anti Joyisi, ndipo anagwa. Ndaonapo anthu akugwa, kuchipatala ndi kumowa komwe. Sindinaonepo munthu akugwa mwadongosolo chotero.

Anthu anathamangira. Wina anati apatseni mpweya, wina anayambitsa nyimbo. Malume anaitanitsa Dokotala wa Theka, ndipo ndinagwada n'kugwira pamkono. Mtima unkagunda mosadodoma, ngati injini ya fakitale nthawi ya masamba ambiri. Ndinanena zimenezo. Mayi wina anandiuza kuti ndikhale chete, ndikanakhala wodziwa za mtima bwenzi nditamaliza sukulu, ndipo kunena zoona mfundo yake inali yovuta kuiyankha.

Amayi anali ataima chapatali, atavala bulauzi yawo yoyera ya Sabata. Malume anatsegula diso limodzi, anawapeza, n'kuyankhula ndi mawu otsika koma ofika mpaka kumbuyo.

"Abale, musamunene mlongo wangayu. Ndikafa lero, pasapezeke wonena kuti wandipha ndi iyeyu chifukwa cha munda. Ine ndamukhululukira."

Palibe amene anali atanena zimenezo. Tsopano aliyense anali atazimva. Amene anakulira kumudzi akudziwa dzina limene limapatsidwa kwa mayi wamasiye, wa imvi, amene mlongo wake wafa mwadzidzidzi atakangana naye za malo, ndipo akudziwa kuti dzina limenelo silichoka, limatsikira kwa ana. Ndinaona azimayi amene amayi ankaimba nawo kwaya akusuntha, osati kwambiri, kungosiya kampata.

Abusa a nthawi imeneyo anaweruza mwanzeru kuti kupulumutsa moyo pa Sabata n'kololedwa, bola pasagwire khasu. Choncho amayi anagwada, anazula mbatata zija ndi manja, n'kumasalaza mizere ndi zikhatho ndi mapazi, kuyambira kumtunda mpaka kumtsinje, mpingo ukuyang'ana. Esinala anafuna kuwathandiza, amayi anamukaniza ndi mutu. Pomaliza bulauzi ija inali yofiira. Malume anadzuka pang'onopang'ono, anamanga mabatani, analandira wotchi yawo, n'kuyenda njirayo, kutsika ndi kukwera, kuti aone ngati ntchito yagwirika bwino. Tsiku lomwelo kutchalitchi anatsogolera phunziro. Linali la kukhululuka.

Fasitoni anabweza chikombole. Anamutenga Esinala kupita naye m'malayini a esiteti, m'chipinda chimodzi chimene khomo lake linayang'anizana ndi chimbudzi cha mabanja onse a mzere umenewo. Ana awo anabadwira mmenemo, anaphunzira kukwawa pa simenti ya kampani. Kwathu kuno mkazi wokhala kwa mwamuna, pamalo poti si pa mwamunayo n'komwe, amakhala ngati munthu wogona pa depoti, katundu ali womangamanga. Esinala ankabwera Lamlungu kudzathandiza kupalira theka lotsala, ndipo ankalima atafulatira kumtunda.

Tonse tinkaganiza kuti n'zakanthawi. Munthu wosokedwa mtima, tinkati, sangafike patali. Sindikunena kuti tinkapempherera kanthu. Ndikungoti tinali okonzeka. Koma malume anaperekeza kumanda abusa aja, ankhoswe a Esinala, ndi mlonda amene anawanyamula tsiku limene anagwa pa fakitale. M'chaka cha njala yaikulu ija, anthu akudya madeya, chinangwa cha kumtunda chinachita bwino, ndipo malume anatumiza kwa amayi kalichero ka makaka ndi uthenga woti iwo sangaone mlongo wawo akugona ndi njala. Anakanenanso kutchalitchi ngati umboni. Amayi anaphika makaka a m'munda mwawo momwe, tinadya, ndipo anakwera njira ija kukathokoza. Kenaka nthochi zinafa ndi matenda dera lonse. Malume analipobe.

Kuti mbiri ikhale yokwanira ndinene ichinso. Tsiku lina ndinawapeza kumtsinje, pothera njira, atakhala pamwala okhaokha, dzanja lili mkati mwa shati, mabatani onse ali omanga. Sanandione msanga. Nkhope yawo inali ya munthu amene akumvetsera mapazi kuseri kwa nyumba. Atandiona anandiitana ndi dzina langa lenileni, chinthu chimene chinandidzidzimutsa, n'kufunsa ngati ku koleji anatiuzako kuti mtsempha wa m'mwendo umakhala nthawi yaitali bwanji pamtima usanatsekekenso. Anati mnzawo wa ku Zambia amene anagona naye bedi loyandikana ku Joni amva kuti anapita. Ndinawauza zoona, kuti ife tinali pa mafupa. Anagwedeza mutu, anadzuka, n'kuyamba kukwera. Ndiye kuti mantha anali nawodi. Koma anthu ambiri ali ndi mantha, ndipo sayenda nawo m'minda ya alongo awo.

Mtima sunawaphe. Ndikufuna zimenezi zilembedwe, poti pa mwambo wa chiliza pananenedwa zina. Unawapha ndi mwendo. Shuga anawalowa mwakachetechete, ndipo pa kakolo, pamene panayambira chipsera cha mtsempha uja, panatuluka bala limene linakana kupola. Anang'amba jombo lamanzere kuti phazi lizilowa, n'kumayendabe, motsimphina, mpaka tsiku limene anawanyamula kupita ku chipatala cha mishoni. Namwino wina wa mumpingo mwathu anatiuza kuti impso zinasiya, mapapo anatopa, koma mtima unapitiriza kugunda wokha kwa kanthawi ngati sunauzidwe. Madokotala a ku Joni, kulikonse kumene muli, landirani ulemu. Ntchito yanu inali yolimba. Ife ndife mboni.

Asanatseke maso anaitana mwana wawo wamkulu, Kenesi, wogwira ntchito ku Blantyre, pamaso pa abusa atsopano, n'kusiya mawu amodzi okha: bokosi lawo lidzadutse pa njira yawo popita kumanda. Anthu atamva anagwidwa chisoni, akuti taonani mmene ankaikondera. Amayi atamva anakhala pansi. Kwathu kuno njira imene padutsa maliro siilimidwanso. Imasanduka njira ya kumanda, ndipo wogalauza pamenepo amaonedwa ngati wafukula munthu. Njira ya wamoyo ungathe kuitseka mwini wake akapita. Iyi ikanakhala mpaka kalekale, ndipo kumtunda kukanakhala kwa Kenesi ndi abale ake. Malume anakalambira pa nkhani za malire. Ankadziwa chimene akuchita ngakhale ali pa diripi.

Pa maliro amayi analira monga munthu ayenera kulirira mlongo wake, ndipo ine amene ndimawadziwa ndikuti misoziyo inali yeniyeni. Kunali chiperoni, kamvula kosaleka kaja. Mapemphero a pakhomo atatha, adzukulu, amene kwathu ndiwo amakumba manda ndi kunyamula bokosi, anakweza malume pamapewa, kwaya inayambitsa nyimbo, ndipo gulu linalunjika ku njira ija. Poyambira njirayo anapeza amayi atakhala pansi m'matope, miyendo atatambasula, manja ali pamaondo, ngati akufuna kusankha nyemba. Palibe anawaona akuchoka pakati pa azimayi.

Bokosi silidumpha munthu wamoyo, ndipo likanyamulidwa silitsitsidwa panjira. Adzukulu anaima. Nyimbo inapitirira pang'ono n'kufa yokha. Abusa anawerama n'kukumbutsa amayi mofatsa kuti awa ndi mawu otsiriza a malemu. Kenesi anayamba m'Chingerezi, anaona kuti sichikugwira, n'kubwerera ku Chichewa, akuti azakhali musatichititse manyazi, bambo ayenda njira imeneyi zaka zonsezi chifukwa dokotala analamula.

"Dokotala anati aziyenda," anatero amayi. "Atsitseni ayende. Ndiwapatsa mpata."

Mayi wina wa kwaya, mmodzi wa aja anasuntha tsiku la mbatata, ananong'ona mokweza kuti kodi munthuyu saopa zimene anthu adzanene.

"Zaka zonsezi mwakhala mukundiuza kuti ndiwapha achimwene," amayi anayankha osatembenuka. "Afa, ndi mwendo. Tsopano mundiopseza ndi chiyani?"

Mkulu wa adzukulu anali mwana wa mmodzi wa anthu aja chimanga chawo chinatchetchedwa. Sindikunena kuti zimenezo zinalowapo. Iye anangoyang'ana amayi, anayang'ana njira, n'kunena kuti pakuoneka poterera, angagwe nalo bokosi. Anatembenuka. Malume anapita kumanda kudzera mumsewu wa esiteti umene anaukana moyo wawo wonse wachiwiri, ulendo wozungulira, wokwera ndi kutsika, pakati pa tiyi. Othyola anaima m'mizere madengu ali kumsana mpaka bokosi litadutsa. Nyimbo yawo ija sanaimbe. Ena akuti anaing'ung'udza, koma ine ndinali kumbuyo. Amayi anafika kumanda pambuyo pa onse, chitenje chili matope okhaokha, n'kuponya dothi lawo ngati wina aliyense.

Masiku a maliro atatha anti Joyisi anapita ndi Kenesi ku Blantyre. Kanyumba kochiriramo kaja, kamene kanakula mpaka kuposa nyumba ya amayi, n'kokhoma. Pakhonde pali majombo, limodzi long'ambidwa, ndipo palibe amene wawaba, chinthu chimene kwathu kuno n'chachilendo.

Njira sinachoke mosavuta. Khasu la amayi linkadumpha ngati lamenya simenti, mpaka Fasitoni anakabwereka piki. Nandolo wa m'mphepete anazulidwa. Kumtunda kuli uvuni wa njerwa wofunditsidwa udzu, ndipo Esinala, amene tsopano ali ndi imvi zake zoyamba, akuti aotcha mvula ikatha. Ana ake amafunsa ngati kumeneko kudzakhale mpopi ngati wa kumalayini.

Chaka chino munda wonse wadzalidwa chimanga, kuchokera pakhomo lokhomalo mpaka kumtsinje. Chamera bwino, kupatula kamzere kamodzi kopingasa pakati, pamene chimanga chake n'chachifupi, chachikasu, ngakhale amayi anathirapo manyowa mobwereza. Ukaima pamsewu wa esiteti umakaona bwinobwino, kowongoka, kutsika munda wonse ngati pamene anasokapo. Amayi akuti dothi lidzaiwala. M'mawa ana a sukulu amafikabe pamenepo mothamanga, amaima, amayang'ana chimanga, kenaka amalambalala.